Madzi a maluwa opopera kumaso: chifukwa chake amawonongeka ndi momwe angatetezedwere

LUSAKA - Mwezi wa Okutobala ukafika, pamene kutentha mu mzinda wa Lusaka kumapitirira madigiri 30 masana ndipo fumbi limakhala lili koboo m'misewu, timabotolo ta madzi onunkhira opopera kumaso timaoneka m'zikwama za amayi ndi atsikana ambiri. M'madera monga Roma, Kabulonga, Woodlands ndi Chelstone, ena amagula timabotoloti m'masitolo akuluakulu. Ena amagula kwa anthu amene amapanga okha kunyumba ndi kutsatsa malonda awo pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa misika ya kumapeto kwa sabata kumene kumapezeka sopo ndi mafuta odzola opangidwa pamanja.

Malonda a mtunduwu amakopa anthu chifukwa cha mawu amodzi: akuti ndi achilengedwe, ndipo mulibe mankhwala. Koma mawu omwewa ndi amene ayenera kuchititsa wogula kuima kaye. Botolo la madzi a maluwa limene mulibe mankhwala oletsa tizilombo kuswana, amene pa malonda amatchedwa preservative, limatha kudzaza ndi mabakiteriya m'masiku ochepa chabe, madziwo akuonekabe oyera ndiponso akununkhirabe bwino. Ndipo malo amene madziwa amapoperedwa ndi pafupi ndi maso, mphuno ndi pakamwa.

Madzi enieni a maluwa amapangidwa potcheza. Aliyense amene anaonapo momwe kachasu amatchezedwera akudziwa kale njira yake. Maluwa kapena masamba amaikidwa mu mphika wa madzi owira, nthunzi imadutsa m'paipi yozizitsidwa ndi madzi ndipo imasanduka madontho amene amagwera m'chotengera china. Pamwamba pa madonthowo pamayandama timafuta tonunkhira timene timayengulidwa ndi kugulitsidwa padera pa mtengo wokwera. Madzi otsala pansi ndi amene amatchedwa madzi a maluwa, ndipo pa mabotolo amalembedwa kuti hydrosol kapena floral water. Odziwika kwambiri ndi a maluwa a rozi, amene anthu amangowatcha rose water, komanso a lavender, a chamomile ndi a maluwa a malalanje.

Luso limeneli ndi lakale. Anthu a ku Persia, kumene lero ndi dziko la Iran, akhala akutcheza madzi a rozi kwa zaka zoposa 1,000, ndipo mpaka pano tauni ya Qamsar pafupi ndi Kashan imadziwika ndi ntchitoyi, monganso Kazanlak ku Bulgaria ndi Kannauj ku India. Mu Lusaka, rose water wakhala akupezeka kwa nthawi yaitali m'masitolo a amwenye ku Kamwala, kumene amagulidwa makamaka kuti athiridwe m'zakudya zotsekemera ndi m'zakumwa. Si botolo lililonse lolembedwa rose water limene muli madzi otcheza. Ambiri ndi madzi wamba othiridwa fungo la rozi, ndipo ena mwa iwo amakhala atathiridwa kale mankhwala otetezera. Zimenezi zimadziwika powerenga mndandanda wa zosakaniza pa botolo.

Pali chinthu china chimene wopanga wa mu Lusaka ayenera kudziwa asanayatse moto. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, minda yozungulira mzindawu yakhala ikulima maluwa a rozi otumiza ku misika ya ku Ulaya, makamaka ku Netherlands. Maluwa amenewa ndi okongoletsera m'nyumba, fungo lake ndi lochepa, ndipo amapoperedwa mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Sali oyenera kuikidwa mu mphika wotchezera madzi opita pa nkhope ya munthu. Maluwa a m'dimba la pakhomo nawonso ndi oyenera pokhapokha ngati sanapoperedwe.

Momwe tizilombo timalowera

Madontho akamatuluka m'paipi yotchezera amakhala oyera ndithu, popeza nthunzi imasiya tizilombo mu mphika. Vuto limayamba pambuyo pake. Tizilombo timakhala m'chotengera cholandirira madziwo, mu fanelo, m'manja mwa wopanga, mu fumbi la mumpweya ndi m'botolo logwiritsidwapo ntchito limene langotsukuluzidwa pa mpope. Ngakhale botolo lotsekedwa bwino limakoka mpweya wa kunja nthawi iliyonse kamutu kake kakadindidwa, kuti mpweyawo ulowe m'malo mwa madzi amene atuluka.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti fungo lamphamvu la maluwa limapha tizilombo. N'zoona kuti mafuta ena a zomera amalepheretsa mabakiteriya kuswana akakhala ochuluka. Koma m'madzi a maluwa mafutawa amakhala ochepa zedi, kawirikawiri osafika gawo limodzi mwa magawo 1,000. Mlingo umenewu ndi wokwanira kununkhiritsa, koma si wokwanira kuteteza. Chotsala chonse ndi madzi, ndipo pamene pali madzi pali moyo.

Tizilombo tina sitifuna chakudya chambiri. Mu 1971, akatswiri a ku America motsogozedwa ndi Martin Favero anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira zosonyeza kuti bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa amaswana ngakhale m'madzi otcheza a m'zipatala, momwe munthu angaganize kuti mulibe chilichonse chodya. Ngati amatero m'madzi opanda kanthu, m'madzi a maluwa amapeza phwando. Ndipo opanga ambiri amaonjezera chakudyacho mosadziwa pothiramo aloe vera, uchi, madzi a nkhaka, tiyi wobiriwira kapena madzi otsukira mpunga pofuna kuti khungu lisalale. Chilichonse mwa zimenezi chimafupikitsa moyo wa botololo.

Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti maso ndi mphuno sizithandiza pa nkhaniyi. Nsima yogona imadziwika ndi fungo, mkaka umasasa, buledi amachita chuku. Koma madzi amatha kusunga mabakiteriya pafupifupi miliyoni imodzi pa mililita imodzi asanayambe kuchita mbuu, ndipo fungo la rozi limabisa fungo lina lililonse. Pamene tinthu tonga ulusi tayamba kuyandama m'botolo, kapena madontho akuda aoneka pansi pa chitsekerero, ndiye kuti madziwo anawonongeka kalekale.

Zoopsa zake si nthano. Mu 2021, anthu anayi a m'zigawo za Georgia, Kansas, Minnesota ndi Texas ku America anadwala matenda a melioidosis, amene sapezeka kawirikawiri m'dzikolo. Awiri anamwalira, mmodzi mwa iwo anali mwana. Mu Okutobala chaka chimenecho, bungwe loona za matenda la CDC linapeza bakiteriya wa Burkholderia pseudomallei m'botolo la madzi onunkhira lavender ndi chamomile opopera m'chipinda, opangidwa ku India ndi kugulitsidwa m'masitolo a Walmart. Mabotolo pafupifupi 3,900 anaitanitsidwa kuti achoke m'manja mwa anthu. Madziwo sanali a kumaso, koma njira imene anavulazira anthu ndi yomweyo: kupopera kumasandutsa madzi kukhala timadontho touluka timene munthu amapuma.

Mu 2023 kunachitikanso china m'dziko lomwelo. Mankhwala odonthezera m'maso a EzriCare, amene anali m'mabotolo ogwiritsa ntchito kambirimbiri koma opanda mankhwala otetezera, anapezeka ndi Pseudomonas aeruginosa wosamva mankhwala ambiri. Pofika mwezi wa Meyi, CDC inali itawerenga odwala 81 m'zigawo 18. Anthu 14 anasiya kuona, anayi anachotsedwa diso ndipo anayi anamwalira. Bakiteriya ameneyu ndi yemwe uja amene amakonda madzi, ndipo amalowa mosavuta m'diso lokandika, m'chiphuphu chofinyidwa kapena pa khungu lometedwa kumene.

Chifukwa cha zimenezi, malamulo a mayiko onse a zodzoladzola, olembedwa mu ISO 17516, amaika malire. Zodzola wamba zisapitirire tizilombo 1,000 pa galamu kapena mililita imodzi. Zogwiritsa ntchito pafupi ndi maso ndi za ana osafika zaka zitatu zisapitirire 100. Ndipo mitundu inayi, Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus, Escherichia coli ndi Candida albicans, isapezeke m'pang'ono pomwe. Popeza palibe amene angapopere nkhope popanda madontho kufika m'zikope, wopanga wanzeru amadziyesa ndi malire a 100.

Filiji ndi madzi a mu Lusaka

Malangizo ambiri a pa intaneti amati madzi opanda mankhwala otetezera angosungidwa mu filiji. Malangizo amenewa amalembedwa ndi anthu a kumayiko kumene magetsi sazima. Mu 2015 ndi mu 2019 anthu a mu Lusaka anakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'nyanja ya Kariba. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, kuzima kwa magetsi kunafika maola 17 pa tsiku ndi kupitirira apo. Filiji yozima maola otere imasanduka kabati wamba, ndipo botolo limene lili m'katimo limazizira ndi kufunda mosinthanasinthana.

Ngakhale m'nyumba za ku Roma zimene zili ndi magetsi a dzuwa kapena jenereta, filiji simathetsa nkhaniyi. Kuzizira kumachedwetsa tizilombo, sikumapha, ndipo pali achibale ena a Pseudomonas amene amaswanabe pa madigiri 4. Komanso palibe amene amagula madzi opopera kumaso kuti akhale mu filiji. Amagulidwa kuti ayende m'chikwama, m'minibasi ya pa Great East Road, kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Kutentha kwa m'chikwama masana a Okutobala kuli pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, kumene mabakiteriya oyambitsa matenda amaswana mofulumira kwambiri.

Chachiwiri ndi madzi osungunulira. Madzi enieni a maluwa ndi okwera mtengo, choncho wopanga amayesedwa kuti awachulukitse ndi madzi a pa mpope. Nyumba zambiri za ku Roma, Kalundu ndi madera oyandikana nawo zimamwa madzi a m'zitsime zobowola ndi makina. Mzinda wa Lusaka unakhala pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo m'ming'alu imeneyi madzi a m'zimbudzi zokumba ndi m'maenje a zonyansa amayenda msanga kukafika m'zitsime. Miliri ya kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala, inakumbutsa anthu za vutoli. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo tambiri, koma njere za mabakiteriya ena monga Bacillus zimapirira madzi owira.

Miyala ya laimu ija ili ndi vuto linanso limene silikhudza ukhondo. Ndi imene imasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo. Madzi otere amachepetsa kuwawasa kwa chilichonse chimene asakanizidwa nacho, ndipo monga momwe zionekere pansipa, mphamvu ya mankhwala ena otetezera imadalira kuwawasa kumeneko. Madzi oyenera pa ntchitoyi ndi otcheza okha, amene m'mafamase amalembedwa kuti distilled water, ochokera m'botolo lotsegulidwa kumene. Madzi othira m'mabatire a galimoto sanapangidwire khungu la munthu.

Mankhwala amene amateteza ndi amene sateteza

Ndi bwino kuyamba ndi amene sateteza, popeza ndi amene atchuka. Vitamin E amachedwetsa mafuta kuti asavunde, koma sachita kanthu pa mabakiteriya, ndipo sasungunuka n'komwe m'madzi. Madontho angapo a mafuta a tea tree kapena lavender amangoyandama pamwamba, ndipo akatuluka onse nthawi imodzi amatha kuwotcha khungu ndi maso. Glycerine, amene amayi ambiri a m'Zambia amamudziwa bwino, amateteza pokhapokha akachuluka kwambiri mpaka madziwo kuchita nanda, koma pa mlingo wochepa umene umathiridwa m'madzi opopera sateteza konse. Palinso mankhwala a njere za manyumwa otchedwa grapefruit seed extract. Mu 1999, akatswiri a pa yunivesite ya Greifswald ku Germany anayesa mitundu ingapo ya mankhwalawa ndipo anapeza kuti imene inkapha tizilombo inali itathiridwa mwachinsinsi mankhwala a m'fakitale monga benzethonium chloride. Mtundu umene munalibe mankhwala obisikawo sunaphe kanthu.

Mowa wa ethanol umateteza ndithu, koma pamafunika wochuluka. Malamulo a ISO 29621 amaona chinthu kukhala chotetezeka chokha ngati mowa wafika 20 peresenti kapena kuposa. Mlingo umenewu umaumitsa khungu ndipo umalasa m'maso, zimene zikutsutsana ndi cholinga chenicheni cha madzi oziziritsa nkhope. Spiriti wofiirira wa methylated ali ndi poizoni wa methanol ndipo sayenera kuyandikira nkhope. Kachasu nayenso mphamvu yake sidziwika ndipo sangadaliridwe.

Mankhwala odalirika alipo, ndipo ena mwa iwo anthu amadya tsiku ndi tsiku. Sodium benzoate ndi potassium sorbate amapezeka m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, mu jamu ndi mu majarini. Amasungunuka bwino m'madzi, ndi otsika mtengo, ndipo amagwira bwino ntchito akakhala pamodzi, popeza sorbate amalimbana kwambiri ndi chuku ndi yisiti pamene benzoate amathandizanso pa mabakiteriya. Lamulo la zodzoladzola la mayiko a European Union, nambala 1223 la 2009, limene opanga ambiri padziko amatsatira, limalola benzoate mpaka 0.5 peresenti m'zodzola zosatsukidwa ndi sorbate mpaka 0.6 peresenti, powerengera asidi wake.

Koma mankhwala awiriwa ali ndi chinsinsi chimene chimagwetsa anthu ambiri. Amagwira ntchito m'madzi owawasa pang'ono basi. Kuwawasa kumayezedwa ndi nambala yotchedwa pH: madzi wamba ali pa 7, madzi a mandimu ali pafupi ndi 2, ndipo khungu la munthu lili pafupi ndi 5. Pa pH 4.2, theka la benzoate limakhala lamphamvu. Pa pH 6, gawo lamphamvu silifika 2 peresenti. Sorbate ali ndi theka la mphamvu pa pH 4.8, koma pa pH 6 amatsala ndi pafupifupi 5 peresenti. Izi zikutanthauza kuti mayi wa ku Roma angagule mankhwala oyenera, kuyeza mlingo woyenera, kenaka n'kusungunula ndi madzi a m'chitsime chake amene ali pafupi ndi pH 7, ndipo botolo lake lidzakhala ngati sanathiremo kanthu. Iye adzagulitsa ndi mtima woyera, akukhulupirira kuti wateteza makasitomala ake.

Choncho kuyeza pH si ntchito yodumpha. Mankhwala amasungunulidwa kaye m'madzi a maluwa mpaka asaoneke. Kenaka amathiramo dontho limodzilimodzi la citric acid wosungunuka, yemwe uja amapezeka pa mashelefu a zophikira makeke, akuyeza ndi timapepala ta pH kapena kamakina kake, mpaka nambala ifike pakati pa 4.5 ndi 5. Kuthira asidi poyamba kapena mopitirira kumachititsa benzoate kuundana n'kukhala tinthu toyera totseka kamutu kopopera. Ndi bwino kuyezanso pH tsiku lotsatira ndi pakapita sabata, chifukwa imatha kusuntha. Benzoate asasakanizidwe ndi vitamin C, popeza awiriwa akakumana ndi kutentha ndi kuwala amatha kupanga benzene wochepa, amene ndi poizoni.

Njira ina ndi phenoxyethanol, amene amaloledwa mpaka 1 peresenti. Ubwino wake ndi wakuti sadalira kwambiri pH ndipo amalimbana bwino ndi mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas. Koma ndi wofooka pa chuku, n'chifukwa chake amagulitsidwa atasakanizidwa ndi mnzake monga ethylhexylglycerin. Amafuna kutakasidwa mokwanira chifukwa sasungunuka msanga, ndipo akapanda kusungunuka amakhala pansi ngati timadontho ta mafuta. Benzyl alcohol, amene amapezekanso mwachilengedwe m'maluwa ena monga jasmine, amaloledwanso mpaka 1 peresenti. Opanga odziwa ntchito amaonjezera kachigawo kochepa, pafupifupi 0.1 peresenti, ka EDTA kapena sodium phytate. Amenewa pa okha sateteza, koma amamanga timchere ta m'madzi ndi kufooketsa khungu la mabakiteriya kuti mankhwala enawo alowe.

Si mankhwala onse otetezera amene ali oyenera kupopera. Amene amatulutsa formaldehyde pang'onopang'ono sayenera kupumidwa. Methylisothiazolinone analetsedwa ku European Union m'zodzola zosatsukidwa kuyambira mu 2017 atapezeka kuti akuyambitsa zidzolo mwa anthu ambiri. Wogulitsa mankhwala wodalirika amapereka pepala lofotokoza dzina lenileni la mankhwalawo, mlingo wake, pH yoyenera ndiponso ngati angagwiritsidwe ntchito m'zopopera. Mankhwala a m'kabotolo kolembedwa ndi bolopeni kuti preservative, popanda dzina lina, ndi osayenera kugula.

Milingo yonseyi ndi yaing'ono kwambiri moti supuni siingayeze. Peresenti imodzi ya magalamu 100 ndi galamu imodzi, ndipo theka la peresenti ndi theka la galamu. Pamafunika kasikelo koyeza mpaka 0.01 galamu, konga kamene amagwiritsa ntchito osula ndolo ndi mphete. Kuchepetsa mlingo poopa mankhwala n'koopsa mofanana ndi kusathira, ndipo kuchulukitsa kumayabwa ndi kufiiritsa khungu. Ngati madzi a maluwa anagulidwa atathiridwa kale mankhwala otetezera, mlingo umenewo unawerengedwera madziwo okha. Akasungunulidwa kapena kuonjezeredwa zina, mphamvu yake imachepa ndipo kuwerengera kumayambiranso.

Mankhwala otetezera ali ngati mlonda mmodzi pa geti: angabweze akuba awiri kapena atatu, koma osati khamu. Madzi amene adzaza kale ndi tizilombo sangakonzedwe powathira mankhwala pambuyo pake. N'chifukwa chake ukhondo umayamba mankhwala asanatsegulidwe. Tebulo, fanelo, zotakasira ndi mabotolo zimatsukidwa ndi sopo, kupukutidwa kapena kupoperedwa ndi mowa wa 70 peresenti ndi kusiyidwa kuti ziume zokha. Wopanga amavala magolovesi, kumanga tsitsi ndi kutseka mawindo kuti fumbi lisalowe. Mabotolo akhale atsopano. Kamutu kopopera kakale kali ndi kapaipi ndi kasipuling'i momwe mabakiteriya amamanga utoto woterera umene burashi siingafike, choncho chizolowezi chobweza botolo kuti adzazemo ena pa mtengo wotsika n'chosayenera pa malonda awa. Mabotolo a galasi lakuda kapena labuluu amathandiza chifukwa kuwala kumasintha fungo ndiponso kumachititsa sorbate kusanduka wachikasu.

Amene akupangira nkhope yake yokha ndipo sakufuna mankhwala alionse angathe kutero, malinga ngati akuwaona madziwo ngati ndiwo zophika. Apange ochepa okwanira masiku awiri kapena atatu, asunge mozizira, ndipo otsala atayidwe. Koma njira imeneyi si ya malonda, popeza wogulitsa sadziwa kumene botolo likagone likachoka m'manja mwake.

Pa malonda, umboni weniweni umachokera ku labotale. Kuyeza koyamba ndi kuwerenga tizilombo timene tili m'botolo. Kwachiwiri, kofotokozedwa mu ISO 11930, n'kovuta koma ndi kumene kumayankha funso lenileni. Akatswiri amathira dala m'madziwo mitundu isanu ya tizilombo, itatu ya mabakiteriya, umodzi wa yisiti ndi umodzi wa chuku, ndipo amawerenga totsala pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Kuti madziwo apambane pa mlingo wapamwamba, mabakiteriya ayenera kutsika mpaka mmodzi mwa 1,000 alionse pofika tsiku la 7 ndipo asachulukenso. Tsiku lothera ntchito lolembedwa pa botolo popanda kuyeza kotere ndi longopeka. Kuyezaku kumadya ndalama, ndipo kwa wopanga mabotolo 30 pa mwezi n'kolemera, koma kumachitika kamodzi pa kasakanizidwe kamodzi malinga ngati zosakaniza ndi milingo sizikusintha.

M'Zambia, zodzoladzola zili m'gulu la zinthu zoyang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, ZAMRA, pansi pa lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013. Bungwe la Zambia Bureau of Standards, ZABS, limalemba miyezo ya katundu ndipo lili ndi malabotale mu Lusaka kumene anthu amalonda amapititsa katundu wawo kuti ayezedwe. Kuyambira pamene malamulo a 2017 anagawa ntchito za bungweli, udindo wokakamiza miyezo imene boma lalamula uli m'manja mwa Zambia Compulsory Standards Agency. Wogula amene wagulitsidwa katundu wowonongeka angakadandaule ku Competition and Consumer Protection Commission. Kupangira kunyumba sikuchotsa munthu pansi pa malamulowa ngati katunduyo akugulitsidwa.

Wogula alibe labotale, koma ali ndi kapepala komata pa botolo. Payenera kukhala mndandanda wa zosakaniza, dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu la mabotolo opangidwa pamodzi, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. Ngati mndandandawo uli ndi madzi a maluwa, aloe vera ndi glycerine koma palibe dzina lililonse la mankhwala otetezera, funso loyenera kufunsa wogulitsa ndi lakuti madziwa akutetezedwa ndi chiyani. Yankho lakuti amadziteteza okha chifukwa ndi achilengedwe silokwanira. Botolo limene lasintha mtundu, lachita mbuu, layamba kununkha mosiyana kapena lafufuma litayidwe lonse pamodzi ndi kamutu kake.

Munthu amene diso lake lafiira, likupweteka, likutuluka mafinya kapena likuopa kuwala atapopera madzi otere asayembekezere kuti lipole lokha, ndipo asathiremo mankhwala a kunyumba. Pseudomonas amatha kuboola kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso m'masiku awiri kapena atatu okha. Apite tsiku lomwelo ku kiliniki yapafupi kapena ku chipatala cha maso cha University Teaching Hospitals, atanyamula botololo kuti madokotala aone chimene chinapoperedwa.